Mankhwala a BP ndi mchere wa m'magazi mwa amayi athu

Aphunzitsi anzanga, ndi inu amene ndinakuphunzitsani Biology, mukukumbukira kuti impso zimasefa magazi n'kusunga mchere pa mlingo wake: potassium pakati pa 3.5 ndi 5.0 mmol/L, sodium pakati pa 135 ndi 145.

Mayi anga amamwa hydrochlorothiazide, kapiritsi kofala m'zipatala zathu. Kamatsitsa BP pokodzetsa, koma mkodzowo umapita ndi mchere. Potassium akachepa, miyendo imakokana ndipo mtima umagunda mosalongosoka. Sodium akachepa, munthu amafooka n'kusokonezeka mutu, ndipo izi zimagwera kwambiri amayi achikulire. Kumudzi timafulumira kunena kuti ndi ukalamba, ena mpaka kuloza mfiti.

Enalapril amachita zosiyana. Amakweza potassium, ndipo mayi woyembekezera sayenera kumwa. Ndiye malangizo aja oti "idyani nthochi zambiri" si a aliyense.

Chonde musawasiyitse mankhwala makolo anu, chifukwa BP yosasamalidwa imabweretsa sitiroko. Koma mukawaperekeza kuchipatala, muwauze adokotala zonse zimene mwaona kunyumba, ndipo mupemphe kuti awayeze mchere wa m'magazi. Ine ndimatero nthawi zonse ndikapita ndi mayi.