Ku Kachulu ndi Dongo, Mpunga ndi Ana

Msewu wochoka ku Zomba kupita ku Kachulu ndi wa makilomita pafupifupi 30. Phiri la Zomba limatsalira kumbuyo, dziko n'kuyamba kuyalana, ndipo kutsogolo kumaoneka chilumba cha Chisi pakati pa nyanja ya Chilwa. Nyanjayi ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje ya Domasi, Likangala ndi Phalombe imangothiramo. Mvula ikavuta nyanja imaphwa, monga zinachitikira mu 1968 ndi mu 1995. Ikagwa bwino, madzi amadzaza madambo ndi minda ya mpunga. Madzi omwewo amene amapatsa anthu matemba ndi mpunga ndi amenenso amalera udzudzu.

Ife odzipereka pa ntchito ya zaumoyo tinazolowera kulankhula ndi makolo, koma ulendo uno tinapitira ana a zaka 4 mpaka 9. Tinayala mphasa pansi pa mtengo chapafupi ndi doko. Zipangizo zathu zinali dongo, makatoni akale, makala, ulusi, mpunga wodzaza dzanja, makoko a chimanga ndi phala la ufa wa chinangwa lomatira.

Tinayamba ndi chule, popeza palibe mwana wa ku Chilwa amene samudziwa. Ana anaumba timipira ting'onoting'ono kuimira mazira, kenako mbululu ya mchira, mbululu yomera miyendo yakumbuyo, amene amayamba kutuluka ndi amenewo, pomaliza chule weniweni. Zonse tinaziyala mozungulira m'lichero kuti chule akhale pafupi ndi mazira. Titafunsa kuti chule akakula chimatsatira n'chiyani, ana analoza okha mazira aja. Phunziro lonse linagona pamenepo: cholengedwa chimasintha maonekedwe pokula, ndipo chikakula chimayambitsanso moyo wina.

Atamvetsa zimenezi tinalowa nkhani ya udzudzu. Mwana aliyense analandira katoni yodulidwa mozungulira, n'kuigawa panayi ndi khala. M'gawo loyamba anamata mpunga wopaka makala, amenewo mazira. M'gawo lachiwiri anamata tizidutswa ta ulusi, zimenezo mphutsi. Lachitatu linali la kaudzu kopindika ngati mbedza, kuimira kachilombo kamene kamasiya kudya kakatsala pang'ono kumera mapiko. M'gawo lachinayi anaika udzudzu wa miyendo 6 ya timitengo ndi mapiko awiri a makoko a chimanga. Kenako tinawauza kuti ajambule mafunde pa magawo onse amene udzudzu umakhala m'madzi. Anawerenga okha: atatu m'madzi, limodzi lokha mumlengalenga. Nyengo ikamatentha, ulendo wonsewu kuchokera ku dzira umatha m'sabata imodzi kapena ziwiri.

Makatoni ali m'manja, tinayenda nawo m'mphepete mwa mudzi. Tinatunga madzi ndi kapu yoyera m'bwato lakale limene munadikha madzi a mvula, m'mapondero a ng'ombe ndi m'dzenje loumbira njerwa. Monsemo munali tizilombo tophiriphitha. Mtsikana wina anayang'ana m'kapu, n'kuyang'ananso katoni yake.

"Amayi, ndiye kuti timeneti ndi ana a udzudzu?"

"Eya, mwanawe. Ali gawo liti?"

"Lachiwiri."

Tinaonetsa akuluakulu pakati pawo kusiyana kwake. Mphutsi za udzudzu wa Anopheles, umene umafalitsa malungo, zimagona chopingasa pansi penipeni pa nkhope ya madzi, pamene za mitundu ina zimalendewera mutu uli pansi. Woluma ndi waukazi wokha, chifukwa umafuna magazi kuti mazira ake akhwime, ndipo Anopheles amaluma kwambiri usiku.

Gogo wina amene ankasoka ukonde chapafupi anatimvetsera mpaka kumapeto. "Ana anga, zonsezi n'zabwino, koma nyanja muikwirira ndi chiyani?" Ananena zoona. Ku Chilwa palibe angaphwetse dambo kapena munda wa mpunga. N'chifukwa chake gawo lachinayi la katoni ija tinaliphimba ndi kansanza, kuimira neti. Chimene mwana angathe masana ndi kuvundikira ndowa, kutaya madzi a m'zitini ndi kuuza akulu za dzenje lofunika kukwirira. Chimene banja lonse liyenera kuchita usiku ndi kugona m'neti tsiku lililonse, osaisandutsa chophera matemba kapena mpanda wa dimba. Mwana akatentha thupi, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo kuti akayezedwe magazi, chifukwa malungo sachedwa kufooketsa ana osakwana zaka 5.

Dongo, makala ndi katoni zimapezeka pakhomo lililonse, kaya ku Nsanje kaya ku Karonga. Inu makolo ndi aphunzitsi a ana, yambani ndi cholengedwa chimene mwana amachiona masiku onse, monga chule, nkhuku kapena gulugufe, ndipo musamupangire, aumbe yekha ngakhale chituluke chokhota. Mukatha, tulukani naye panja mukafufuze chenichenicho. Mwana amene wamata mphutsi ndi zala zake amaizindikira akaipeza m'ndowa ya kuseri kwa nyumba, ndipo amadziwa kuti patsala masiku ochepa kuti iuluke.