GALIMOTO YAKALE IYENELA KUDZIWA KUIMA

Anthu ambili poyamika galimoto amanena za liwilo lake ndi mphamvu ya injini. Owelengeka okha ndiwo amafunsa za kaimidwe kake. Koma ife okhala mu Lusaka amene makolo athu ali ku Cigawo ca Kum'mawa tidziwa kuti pa mseu wa Great East, ulendo wa makilomita oposa 550 kukafika ku Chipata, cimene cisunga moyo wa munthu ndi mabuleki. Amene anatsikapo mapili a Manenekela kulinga ku ulalo wa Luangwa, galimoto itadzaza, sangatsutse mau amenewa.

Pa nyumba panga ku Kabwata ndisunga Datsun 1200 imene anandisiyila malemu atate anga. Galimoto za mtundu uwu zinayamba kupangidwa ku Japan m'caka ca 1970, ndipo zinakondedwa m'dziko muno cifukwa sizimwa petulo wambili ndiponso sizibvuta kukonza. Yanga ndiyo imanyamula ana kupita nao kwa ambuye ao ku Katete, ndi kubwelako ndi matumba a cimanga ndi nshawa. Injini yake ikali yamphamvu, koma mabuleki ake anali a madilamu ku mawilo onse anai.

Dilamu ili ngati mphika wacitsulo wozungulila pamodzi ndi wilo. Woyendetsa akaponda buleki, malainingi a mkati amakanikiza m'mbali mwa mphikawo. Pa mseu wosalala wa Burma kapena Chilimbulu zimenezi zikwana. Bvuto limabwela pa citsikilo cacitali, pakuti kutentha kumaunjikana mkati mosowa potulukila, dilamu imafutukuka, ndipo malainingi amayamba kutelela. Phazi liponda, koma galimoto ingopitilila. Nthawi ya dzinja madzi akalowamo, wilo limodzi ligwila linzake osagwila, galimoto n'kukokela kumbali. Buleki ya disiki njosiyana: ndi mbale yacitsulo ili poyela, yopanidwa uku ndi uku ndi kalipa, motelo mphepo imaiziziletsa ndipo madzi sakhalitsapo. Popeza galimoto ikamaima kulemela kwake kumathamangila kutsogolo, mawilo a kutsogolo ndiwo agwila nchito yaikulu, ndipo ndiwo ndinaganiza zosintha.

Zitsulo zatsopano za galimoto ya zaka zoposa 50 sizipezeka wamba m'masitolo, ndipo kuziitanitsa kunja kufuna ndalama zimene ine ndilibe. Motelo ndinapita kwa mkulu wina wa ku Kabwata konkuno, makanika amene anayamba kugwila sipanala ine ndisanabadwe. Atandimvetsela anati, "Mwana wanga, citsulo cakale sicoipa cifukwa ca ukalamba. Coipa ndi citsulo cimene sudziwa mbili yake. Tikafune galimoto imene inagundidwa kumbuyo, osati kutsogolo."

Tinayenda Loweluka katatu m'malo ogulitsilamo zitsulo za galimoto zakufa. Pena anatiloza makalipa a galimoto ya mtundu wina, nati tingoboola maenje atsopano ndi kuwocelela. Mkuluyo anakana kwamtuwagalu. Anandiuza kuti pa mwendo wa galimoto sawocelelapo mwacisawawa, cifukwa poocelela pakathyoka wilo limacoka lonse. Potsiliza tinapeza Datsun 1200 ya zitseko ziwili, mtundu umene unacokela ku fakitale uli kale ndi madisiki, yophwanyika kumbuyo koma kumaso kuli bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'galimotoyo tinacotsamo miyendo yonse iwili ya mashoko pamodzi ndi mahabu, madisiki ndi makalipa ake. Tinatenga mbali zonse ziwili pa galimoto imodzi, pakuti mabuleki osiyana mphamvu kumanja ndi kumanzele amapotoza galimoto poima. Mkuluyo anapima kucindikala kwa disiki iliyonse, nayang'ana ngati ili ndi ming'alu kapena mizele yakuya. Anatulutsa mapisitoni a m'makalipa kuti aone ngati dzimbili linawadya. Tinatenganso malimu ake, cifukwa malimu anga akale anali kukhudza kalipa.

Cinthu cimene ambili amaiwala ndi masita silinda, pampu imene imakankha mafuta a mabuleki phazi likaponda. Ya madilamu ili ndi kavalavu kosunga mphamvu pang'ono m'mapaipi ngakhale phazi litacoka. Pa madisiki kavalavu aka kamacititsa mapadi kukhuza kosalekeza mpaka atenthe. Ndiponso yanga inali ya njila imodzi, kotelo kuti paipi imodzi itaboola, mawilo onse anai akanatsala opanda buleki. Ya m'galimoto yakufayo inali ya njila ziwili, ina ya kutsogolo ina ya kumbuyo. Tinaitenga, n'kuiika mphila zatsopano mkati.

Pamenepa mpamene pali malile a kusunga ndalama. Nditafunsa kuti, "Atate, nanga mapaipi a mphila awa, pooneka abwino, sitingawatenge?" iwo anaupinda umodzi pamaso panga, ndipo ming'alu ing'onoing'ono inaonekela. "Citsulo gula cakale," anatelo, "koma mphila, mapadi, mabelingi ndi mafuta, gula zatsopano. Ana ako sindiwo oyesela zinthu zotola." Mafuta a mabuleki amamwa cinyontho ca mumpweya. A mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sawila kufikila kutentha kwa madigili 230, koma akamwa madzi angawile pa madigili 155. Akawila mumakhala nthunzi m'mapaipi, ndipo phazi limangomila mpaka pansi. N'cifukwa cake mafuta a m'botolo lotsegulidwa kale, kapena othila m'kabotolo ka zakumwa pa msika, sayenela kugulidwa.

Titamanga zonse tinacotsa mpweya m'mapaipi, kuyambila wilo lakutali ndi pampu, ine ndikupopa, iwo akutsegula ndi kutseka. Tinakalinganizitsa mawilo a kutsogolo, pakuti kusintha miyendo kumasokoneza kaimidwe kao. Tinaiyesa pang'onopang'ono pa mseu wopanda anthu kuti mapadi azolowelane ndi madisiki, ndipo pambuyo pake ndinaipeleka ku bungwe la RTSA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la pamseu la 2002, kuti akaipime fitinesi. Inapambana. Ulendo wotsatila wa ku Katete tinafika pa ulalo wa Luangwa buleki ikali yolimba monga tinanyamukila.

Komabe madisiki sasandutsa galimoto yakale kukhala yatsopano. Liwilo likawilikiza kawili, mtunda woimila umawilikiza kanai. Matayala akutha sagwila mseu ngakhale mabuleki akhale abwino cotani. Pa citsikilo ndimalowetsabe giya yaing'ono kuti injini ithandize kugwila galimoto, ndipo matumba sindipitiliza muyeso.

Ndalemba izi podziwa kuti galimoto zambili zokalamba m'tauni zimakathela ku midzi, kumene zinyamula odwala kupita ku cipatala, feteleza, thonje ndi anthu opita ku malilo. Inu eni ake, musalole makanika kutseka paipi ya wilo limodzi ndi msomali kapena kuthila madzi a sopo m'malo mwa mafuta, monga ena amacitila. Inunso okwela, mukaona woyendetsa apopa buleki kawili katatu galimoto isanaime, kapena mukamva fungo la kupsa pa citsikilo, muli ndi ufulu womuuza kuti aime. Kucedwa ola limodzi m'mbali mwa mseu sikunaphepo munthu.