Ku Chanyanya, Kumene Thambo Limafika Pansi

Munthu wochoka ku Lusaka kulowera kumwera amafika m'tauni ya Kafue atayenda makilomita pafupifupi 45. Ambiri amangoidutsa tauniyi. Amaona michumuni ya fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals, imene inatsegulidwa mu 1970, amawoloka mlatho, basi ulendo wa ku Mazabuka kapena ku Chirundu. Koma wopatukira kumadzulo, asanayende ndi makilomita 30 omwe, amaona mapiri akutsalira m'mbuyo, dziko likuyalika ngati mphasa, mpaka msewu kukathera pamadzi. Pamenepo ndiye pa Chanyanya, doko la asodzi m'mphepete mwa dambo lalikulu lotchedwa Kafue Flats.

Damboli si lamasewera. Kutalika kwake ndi makilomita oposa 200, ndipo mtsinje wa Kafue umayendamo mwaulesi, ukukhotakhota, popeza malowo ndi athyathyathya kotero kuti madzi amachita ngati aiwala kumene akupita. Kumtunda kuli damu la Itezhi-Tezhi, lomalizidwa mu 1977. Kumunsi kuli damu la Kafue Gorge, limene linayamba kupereka magetsi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Chiyambire nthawi imeneyo, kusefukira ndi kuphwa kwa madzi sikutsatanso mvula yokha ayi, kumatsatanso zosowa za magetsi a m'mizinda. Mu 1991 damboli linalowa m'kaundula wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse. Kuno ndiye kwawo kwa mtundu wa lechwe umene supezeka kwina kulikonse, nyama yonga gwape yoyenda m'madzi ofika m'maondo. Koma wofuna kuiona yambiri apite ku Lochinvar kapena ku Blue Lagoon. Pa Chanyanya amene amalamulira ndi anthu, mabwato ndi mbalame.

Ife tinapitako Loweruka lina m'nyengo yachisanu, kagulu ka anthu a mphakati umodzi: aphunzitsi, ogwira ntchito m'maofesi, amayi a malonda pamsika, ndi bambo wina woyendetsa minibasi. Chotitengera kumeneko sichinali chachikulu. Pokambirana tinazindikira kuti ambiri mwa ife tinali ndi kabotolo ka mapiritsi m'thumba, ena a kuthamanga kwa magazi, ena a shuga, ndipo panalibe amene akanatha kunena tsiku limene anatsiriza kuyenda ola lathunthu wapansi. Moyo wa m'tauni umatitulutsa m'nyumba kusanache, kutilowetsa m'basi, kutikhazika pampando kapena kuseri kwa benchi la malonda, nkutibwezera kunyumba mdima utagwa. Dzuwa timaliona pazenera ngati mlendo wodutsa.

Padoko m'mawa pamakhala phokoso lokoma. Mabwato amatulukira m'mipata ya bango limodzilimodzi, wopalasa ataimirira kumbuyo, akukankha ndi mtengo wautali pamene madzi ali osaya, akugwira nkhafi pamene azama. Amayi ogula nsomba amadikira ndi mabeseni awo, ndipo kunenerera mitengo kumamveka mu Chitonga, Chinyanja, Chibemba ndi Chilozi, chifukwa nsomba za Kafue zinaitana anthu kuchokera kumbali zonse za Zambia. M'mabwato mumatuluka nsomba za mtundu wa chambo ndi milamba yamutu waukulu. Mumatulukanso alendo osaitanidwa, nkhanu zazala zofiira zimene kwawo ndi ku Australia. Zinalowa mumtsinje nkuswana, ndipo zimadya nsomba zokodwa muukonde msodzi asanafike. Akakowa amayendayenda m'matope mosatekeseka, pamene nkhwazi, imene ambiri a ife tinkangoidziwa pa mbendera ya dziko, imalira ili pamtengo mutu itaponya kumbuyo.

Chimene chinatigwira mtima koposa ndi kukula kwa thambo. M'komboni diso limagunda khoma la mnansi lisanayende mamita khumi. Pano limapita mpaka kutopa lokha. Tinayenda m'mphepete mwa madzi pafupifupi maola awiri, ndipo amayi ena amene kawirikawiri amadandaula maondo anali patsogolo pa tonse. Nkhani zimene sizituluka pamisonkhano ya m'nyumba zinatuluka panjira: za ngongole, za mwana wosamvera, za tulo tosabwera. Anthu akamayenda moyandikana, osayang'anana m'maso, pakamwa pamapepuka.

A bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo awo a mu 2020, amati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, pa zinthu monga kuyenda mwandawala, kupalasa njinga kapena kulima. Tikagawa, ndi theka la ola pa tsiku kwa masiku asanu. Kuyenda kotere kumathandiza kutsitsa kuthamanga kwa magazi, kumathandiza thupi kugwiritsa bwino shuga, ndipo kumabweretsa tulo. Kuwala kwa dzuwa nako kumathandiza khungu kupanga vitamini D wolimbitsa mafupa. Izi sizikutanthauza kuti wodwala ataye mankhwala amene anapatsidwa kuchipatala. Mapazi amathandiza mapiritsi, salowa m'malo mwake.

Komabe tisanamizane, owerenga athu. Nkwapafupi kwa munthu wa m'tauni kubwera tsiku limodzi, kupuma mphepo yabwino, nkumasirira msodzi kuti ali ndi moyo wabwino. Msodzi wa pa Chanyanya sakhala panja chifukwa cha malangizo a dokotala. Amagona m'misasa ya udzu pakati pa udzudzu, amapalasa pafupi ndi mvuu zimene zimagubuduza bwato, ndipo amadziwa mabanja amene ng'ona inawalanda munthu. M'madzi odekha a m'bango mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo ana osambira m'menemo ndiwo amayamba kukodza magazi. Malungo sasowa. Iye ali ndi dzuwa ndi thukuta zimene ife tikusowa, ife tili ndi mpopi ndi chipatala chapafupi zimene iye amazilakalaka. Wopita kumeneko apite ndi ulemu, agule nsomba pamtengo woyenera, ndipo asalowe m'madzi chifukwa chongoona kuti ndi okongola.

Pobwerera tinadutsa minda yothiriridwa ndi mipope ikuluikulu yoyenda mozungulira. Ulimi umenewu unayamba cha m'ma 2008, pamene alimi ang'onoang'ono a kuno anagwirizana ndi kampani ya InfraCo kupopa madzi a Kafue. Pakati pa udzu wouma wa mwezi wa July, kubiriwira kwake kumabaya m'maso. Kumeneko nako anthu anali chiweramire, makasu m'manja.

Funso limene tinakambirana m'basi linali lovuta kuposa ulendo womwewo: nthawi tiipeza kuti? Palibe pakati pathu amene angathe kupita ku Chanyanya sabata ndi sabata. Ndalama ya basi ndi yomweyo ya ndiwo. Ndipo mawu akuti ndilibe nthawi si bodza kwa mayi amene amadzuka 4 koloko kukapikula tomato ku Soweto. Ife tikuona kuti nthawi yotere siipezeka yapadera, imachita kubedwa m'zimene tikuchita kale. Wogwira ntchito angatsike basi siteji imodzi asanafike. Mphunzitsi angadyere chakudya chamasana pansi pa mtengo mmalo mwa m'chipinda cha aphunzitsi. Kadimba ka repu kuseri kwa nyumba kamafuna munthu woweramira tsiku ndi tsiku, ndipo kamalipira. Lamulungu, limene ambiri talisandutsa tsiku lochapa ndi kuonera wailesi yakanema, lili ndi masana athunthu Misa ikatha. Banja lingapite ndi kubwera kutchalitchi wapansi, lingakazonde wodwala wa kutali pang'ono osakwera galimoto. Misonkhano ya mphakati, imene timaichitira m'zipinda zothinana mazenera ali chitsekere, ingakhale pabwalo nyengo ikalola. Anthu a ku Kafue ali ndi mwayi woposa: mtsinje uli pakhomo, ndipo mlatho wa njanji wa mu 1906 ukadali chiimire kwa wofuna pokathera ulendo wa madzulo.

Amene angafune kukaona Chanyanya asankhe miyezi ya May mpaka August, pamene mvula yatha, dzuwa silinayambe kuwawa, ndipo madzi akadali ambiri m'dambo. Anyamuke m'mamawa kuti apeze mabwato akubwera, atenge madzi akumwa ndi chipewa, ndipo wofuna kukwera bwato afunse eni doko kuti amuonetse wopalasa wodziwa njira za mvuu. Kuyambira pa 1 December mpaka kutha kwa February boma limatseka usodzi kuti nsomba ziswane. Nthawi imeneyo doko limakhala zii, maukonde ali pamitengo akusokedwa, ndipo asodzi ambiri amakhala ali kuminda.