Sangilo: Chibwano cha zaka 2.4 miliyoni chikusowa wochilankhulira

Mukatsika makhota a Chiweta, mabuleki a minibasi akununkha, nyanja imangoti mbee kumanja kwanu. Mumadutsa pa Chitimba, pomwe msewu wa Gorodi umayambira kukwera phiri kupita ku Livingstonia, ndipo musanafike pa Uliwa ndi doko la Chilumba, ndi pomwe pali Sangilo. Ndi malo a miyala ikuluikulu, timagombe ta mchenga tobisika ndi minda ya chinangwa. Kukacha bwino, mapiri a ku Tanzania amaoneka tsidya lina. Usiku nyali za asodzi a usipa zimandanda pamadzi moti mlendo amayesa tauni.

Alendo ambiri amangogonapo pa ulendo wawo wa ku Songwe. Ine chinandipititsa kumeneko ndi mng'ono wanga, yemwe akuphunzira zofalitsa nkhani ku yunivesite. Anzake atathamangira kukasaka malo a attachment ku Lilongwe ndi ku Blantyre, iye anasankha kukathera tchuthi chachitali akuthandiza ku Cultural and Museum Centre Karonga, nyumba yosungiramo zinthu zakale yomwe ili pa boma. Loweruka ndi Lamlungu ankatsikira ku Sangilo kwa achibale a mnzake. Kunyumba anthu anamuseka, eti akukaphunzira chiyani pakati pa mafupa.

Mafupa akewo ndi awa. M'chaka cha 1991, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza chibwano pa Uraha, kufupi ndi Chilumba. Chibwanocho, chomwe anachipatsa nambala ya UR 501, ndi cha mtundu wa munthu wakale wotchedwa Homo rudolfensis, ndipo akuti chili ndi zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Ndi chimodzi mwa zotsalira zakale kwambiri za mtundu wa anthu pa dziko lonse. Kuchokera pa Sangilo, Uraha si kutali ayi. Koma tafunsani achinyamata omwe akusoka ukonde pagombe. Ambiri amangodziwa kuti kunabwera azungu ofukula pansi, basi. Ophunzira a ku Frankfurt, komwe Schrenk wakhala akuphunzitsa, amaidziwa bwino nkhaniyi kuposa mwana wa sukulu yemwe amaponda dothi lomwelo tsiku ndi tsiku.

Ntchito ya wofalitsa nkhani pamalo ngati awa ili pompa, ndipo si yopepuka monga ambiri timaganizira tikamva za kuyendetsa tsamba la Facebook.

Kuchoka pa Sangilo kukafika pa boma la Karonga ndi ulendo woposa ola limodzi, kudzera pa Nyungwe ndi pa Ngara, kutengera kuti kondakitala waima kangati. Myuziyamuyi inatsegulidwa mu November 2004, ndipo mukangolowa chimene chimakulandirani ndi chimzukwa cha mafupa a Malawisaurus, chinyama cha khosi lalitali chomwe chinkayenda m'dera lino zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Dzina lakuti Malawisaurus linaperekedwa mu 1993, ndipo mmodzi mwa akatswiri omwe anachifufuza mozama ndi mayi wa konkuno, Dr Elizabeth Gomani-Chindebvu, yemwenso anatchula china dzina lakuti Karongasaurus mu 2005. Ndi angati a ife tinamvapo dzina lawo m'kalasi? Chionetserocho chimayambira pa zinyamazi, nkudzera kwa anthu oyamba, ufumu wa a Kyungu, nkhondo ya Mlozi wogula akapolo yemwe ananyongedwa mu 1895, nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani yomwe inamenyedwa pa Karonga mu September 1914, mpaka kufika nthawi ya demokalase.

Ndiye tangoganizani: mwapatsidwa zonsezo kuti muzifotokoze kwa ana a Sitandade 6 omwe afika pa lole, atatopa ndi dzuwa la ku Karonga, lomwe sililekerera munthu. Mng'ono wanga akuti sabata yoyamba inathera pa mawu amodzi okha, zaka. Mwana ukamuuza kuti 2.4 miliyoni amangogwedeza mutu mwaulemu. Anayesa kuwerenga mibadwo: agogo, agogo a agogo, mpaka ana aja anayamba kuseka. Chomwe chinagwira ntchito ndi chingwe chachitali chomwe anayala pabwalo, nkuwaonetsa kuti chiyambire ufulu wa 1964 mpaka lero ndi kachidutswa kosakwana ngakhale chikhadabo. Palibe lekichara anamuphunzitsa zimenezo.

Kenako pali nkhani ya chilankhulo. Pa boma anthu ambiri amalankhula Kyangonde, kuno ku Sangilo ndi Chitumbuka, alendo ochokera ku Lilongwe amafuna Chichewa, pomwe azungu a pa malo ogona a m'mbali mwa nyanja amafuna Chingerezi. Uthenga umodzi, zilankhulo zinayi. Ndipo mawu akuti fossil mungawanene bwanji kwa agogo? Mukati "mafupa akale" akufunsani kuti a ndani, nanga achibale ake anavomera kuti afukulidwe? Funso limeneli si la umbuli ayi. Kwathu kuno manda sitiseweretsa, ndipo wofalitsa nkhani yemwe angaliyankhe moseka waluza mudzi wonse. Palinso akuluakulu a mpingo omwe amafuna kudziwa kuti nkhani ya munthu wa ku Uraha ikukhala pati pambali pa Adamu. Mng'ono wanga anaphunzira kuyamba ndi "monire", kukhala pansi, kumvetsera kaye, nkufotokoza zomwe zinapezeka ndi mmene anaziyezera, osakakamiza munthu kusiya chikhulupiriro chake.

Kunena zoona, ine ndimaganiza kuti pamalo ngati pano foni timaikweza udindo mopitirira. Positi yokongola imafika kwa ife a bandulo, omwe ambiri tili m'tauni. Msodzi wa pa Sangilo amamvera wailesi, ndipo mwayi wake Karonga ili ndi Radio Dinosaur, wailesi ya m'dera yomwe dzina lake lomwe likuchokera ku mafupa omwewa. Mphindi zisanu za Chitumbuka pa wailesi, kapena voice note yotumizidwa pa gulu la WhatsApp la aphunzitsi, zimayenda mtunda wautali kuposa chithunzi chokonzedwa usiku wonse pa Canva. Chithunzicho chili ndi ntchito yake: ndicho chimapangitsa woyenda pa M1 kupatuka.

Za ndalama tisanamizane. Attachment yambiri m'dziko muno ndi yopanda malipiro, ndipo thiransipoti yochokera ku Blantyre kapena Zomba ndi yoboola m'thumba. Chomwe chimapulumutsa ndi chakuti chakudya sichivuta: kondowole wa usipa wauwisi pa Sangilo, mpunga wa Kilombero, ndi mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, mukafika kwa Angonde. Ngati mtima wanu uli pa zosemasema ndi zojambula, lingalirani za Kungoni ku Mua, komwe Bambo Claude Boucher anayambitsa ntchito mu 1976. Pamwamba pa phiri ku Livingstonia palinso myuziyamu ya Stone House, nyumba yomwe ankakhala Dr Robert Laws. Malo otere sadikira kulengeza. Mumalemba kalata nokha, nkunena chomwe mungachite.

Tsiku lomwe ndinkanyamuka, mng'ono wanga anali pakhonde ndi mphunzitsi wina wopuma pantchito, akukangana za mawu a Chitumbuka oti agwiritse ntchito pa wailesi ponena za Malawisaurus. Mphunzitsiyo ankafuna dzina lotanthauza buluzi wamkulu. Iye ankakana, ati ana adzaganiza kuti ndi ng'azi. Minibasi ya ku Mzuzu inandipeza asanagwirizane.