Bwalo lathulathu pa intaneti, ndi zimene ndaona kuseri kwake

Pepani ndakhala chete nthawi yaitali. Kuchonga mayeso kunandipanikiza, komanso pali kanthu kena kamene kakhala kakundidyera tulo.

Gulu lathu la ophunzira akale pa WhatsApp linafika posokonekera. Uthenga wa maliro, malonda a nkhuku, mikangano ya mpira, zonse m'poto mmodzi. Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa masamu Fomu 3, yemwe pano amagwira za makompyuta ku Johannesburg, anandiimbira foni: "Aphunzitsi, bwanji tikhale ndi bwalo lathulathu?" Ine n'kuvomera, osadziwa chimene ndikudziputira.

Iye ankanena za Mastodon, pulogalamu imene Eugen Rochko wa ku Germany anatulutsa mu 2016. Pamaso imaoneka ngati Twitter, koma ilibe mwini mmodzi. Aliyense atha kuiika pa seva yake, ndipo masevawo amalankhulana kudzera mu ActivityPub, njira imene bungwe la W3C linavomereza mu 2018. Zili ngati imelo: wa Gmail amalembera wa Yahoo popanda kupempha chilolezo. Anthu ambiri anathawira kumeneko mu 2022, Elon Musk atagula Twitter. Chimene chinandikopa ine n'chakuti khodi yake ili poyera. Aliyense atha kuiwerenga, kuisintha, ngakhale kuigawa. Mphunzitsi wa masamu sakhulupirira yankho lopanda njira yake.

Ndinayamba ndi laputopu yanga yakale ya Ubuntu. Mayo ine! Mastodon sibwera yokha. Imafuna Ruby, PostgreSQL, Redis ndi Sidekiq, zonse zikuyenda nthawi imodzi, ndipo laputopuyo inkalira ngati chigayo. Magetsi akazima, bwalo nalo latseka. Ndinagonja n'kuchita lendi kaseva kakang'ono ku Ulaya. Kulipira kwake ndi ndalama zakunja, ndipo chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, zoterezi zimawawa pa malipiro a mphunzitsi. N'chifukwa chake ndinasankha GoToSocial. Nayo ndi ya khodi yapoyera, imalankhula ActivityPub yomweyo, koma ndi yopepuka ndipo imakhutira ndi SQLite. Pofuna kulemba ndi kuwerenga mumagwiritsa ntchito pulogalamu ina, monga Tusky pa foni za Android.

Dzina la seva ndinasankha mopupuluma usiku, ndipo pano ndikunong'oneza bondo. Maseva ena akakuzolowerani ndi dzina limenelo, kusintha ndiye kuyambanso pachiyambi. Tikhala nalo choncho.

Koma chondisowetsa tulo si chimenecho. Tsiku lina ndikukopera zonse za pa seva kuti ndisunge padera, ndinatsegula database kuti ndione ngati zakopedwa bwino. Maso anga anagwera pa uthenga wamseri wa mtsikana wina, wophunzira wanga wakale, wolembera mnzake za mavuto a m'banja mwake. Ndinawerenga mzere umodzi n'kutseka. Manyazi anandigwira ngati ndasuzumira pa zenera la eni ake. Mauthenga amseri pa mapulogalamuwa sabisidwa kwa woyendetsa seva. Mnyamata uja anandiuzapo, koma zinangodutsa m'khutu.

Kale tinkadandaula kuti makampani akunja akusunga zinsinsi zathu. Lero wosungayo ndine, munthu amene ndinawalemberapo malipoti ndipo makolo awo ndimakumana nawo kumsika.

M'mawa mwake ndinalembera onse kuti adziwe: zachinsinsi zenizeni azitumizirana pa Signal, kapena aimbirane foni. Ena anaseka kuti, "Aphunzitsi, inu simunasinthe." Ena angapo anatseka maakaunti awo mwakachetechete, ndipo sindinawafunse chifukwa. Mtsikana uja ndinamuimbira payekha n'kumuuza zimene zinachitika. Anakhala chete kanthawi, kenako anandifunsa kuti ndinawerenga mpaka pati.