Mphatso ya Khirisimasi: Zimene Ndinaphunzira kwa Atonga

Amayi anzanga, mwezi wa Disembala uja wafikanso. M'masitolo a m'tauni apachika kale timapepala tonyezimira, ndipo ambiri a ife tikugona mochedwa kuwerengera tindalama tathu, kuti tione ngati tingagulire abale kanthu ka pa Khirisimasi. Musanamasule mfundo ya pa chitenje chanu, ndikupempheni kuti mutsagane nane pa ulendo wa m'mphepete mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay, kwa Atonga, kumene ine ndinakwatiwa. Kumeneko ndiko ndinaphunzira, mochita manyazi ndithu, kuti chimene chakoma m'maso mwa wogula nthawi zina chimakhala katundu wolemetsa kwa wolandira.

Ine kwathu ndi ku Dedza, koma bambo a kunyumba kwawo ndi mudzi wina pafupi ndi Chintheche. Chaka choyamba cha ukwati wathu ndinafuna kuti apongozi anga aone kuti mwana wawo sanatole mkazi wamba. Ndinasunga ndalama miyezi itatu ndi kugula makapu osweka asanu ndi limodzi, a maluwa ofiira, pamodzi ndi tipoti yake. Ndinawafukata pamiyendo ulendo wonse wa pa basi, kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Dwangwa, mpaka tinaoloka mtsinje wa Dwambazi ndi kulowa m'dziko la Atonga. Apongozi analandira ndi manja awiri nathokoza kwambiri, ine mtima unakhala pansi.

Patapita zaka zisanu iwo anadwala, ndipo ndinapita kukawadwazika. Tsiku lina ndikusesa m'chipinda chawo ndinakoka sutikesi pansi pa bedi, ndipo makapu anga aja anali momwemo, okulungidwa m'nyuzipepala imene ndinakulungira ine. Nditawafunsa mwaulemu anaseka nati, "Apongozi anga, ndikanamwera liti? Adzukuluwa akanaswa, ndipo inu mukanati sindisamala zinthu zanu. Komatu chaka chimene chija ine ndinali kutunga madzi m'ndowa yobooka." Ndinangoti kukamwa yasa. Ndalama za makapu aja zikanagula ndowa zitatu. Akulu sananame ponena kuti safunsa anadya phula.

Kuyambira pamenepo, ndikamayendera magulu a amayi m'midzi ya kunyanjaku, ndimakonda kufunsa funso limodzi: kodi ndi mphatso iti imene munalandira ndipo simuiiwala? Mayankho ake ndiwo ndikufuna kugawana nanu, mudzi ndi mudzi.

Tiyambire ku Kande, malo oyamba akulu amene mumafika mukapitirira Tukombo. Alendo ochokera kunja amadziwa Kande chifukwa cha mchenga woyera ndi kachilumba kamene kali patsogolo pake, koma mayi wa ku Kande tsiku lake limathera pa chinangwa. Nsima ya kuno ndi kondowole, ndipo kuti kondowole afike m'mbale pali ntchito yothyola msana: kukumba chinangwa, kusenda, kuchiviika m'madzi masiku angapo kuti chifewe ndi kutha kuwawa, kuchiyanika pathandala, kusinja ndi kusefa. Tsono Khirisimasi imadza pakati pa dzinja, ndipo boma la Nkhata Bay ndi limodzi mwa madera amene amalandira mvula yambiri m'Malawi muno. Chinangwa chikanyowa pathandala chimachita nkhungu, ufa wake umada, ndipo mayi amachita manyazi pamaso pa alendo.

Chifukwa chake musadabwe kumva kuti mayi wina wa gulu la ku Kande anati mphatso imene saiiwala ndi chipepala chachikulu cha pulasitiki chimene mlamu wake anamutumizira kuchokera ku Mzuzu. Mitambo ikangoda amathamanga kukafunditsa thandala lake, ndipo ufa wake umatuluka woyera dzinja lonse. Wina anatchula mgolo woviikiramo chinangwa, umene unamupumitsa maulendo a kudambo. Wachitatu anatchula poto wochindikala, pakuti kondowole ndi wolimba povundula, ndipo poto wopepuka sachedwa kupindika. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula maluwa a pulasitiki kapena chithunzi chopachika pakhoma, ngakhale ndinaziona zili mbuu ndi fumbi m'nyumba zingapo.

Tikachoka ku Kande kulowera kumpoto timafika ku Bandawe, kenaka ku Chintheche. Apa ndi pamalo a mbiri. M'chaka cha 1881 Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia ku Bandawe kuchokera ku Cape Maclear, ndipo mu 1894 anakayamba malo atsopano ku Khondowe. Sukulu za mishoniyi zinapatsa Atonga maphunziro msanga, kotero kuti amuna ambiri anapita kukagwira ntchito ku Salisbury, kumene lero timati Harare, ku Bulawayo ndi ku Johannesburg. Mmodzi wa iwo anali Clements Kadalie wa ku Chifira, amene mu 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU mumzinda wa Cape Town. Choncho anthu a kuno anazolowera kale kulandira katundu wochokera kutali: mabulangete, njinga, makina osokera ndi masuti. Mpaka lero anyamata ambiri a m'midzi imeneyi ali ku Joni, ndipo Disembala akafika amayi awo maso amakhala kumsewu.

Koma nditakhala pansi ndi agogo ena a mvano pafupi ndi tchalitchi chakale cha ku Bandawe, sanandiuze za mabulangete. Gogo wina anati mdzukulu wake atabwera pa Khirisimasi anamutengera kuchipatala kukapimitsa maso, namugulira magalasi oyenera. Gogoyu anaphunzira kuwerenga ali mtsikana, koma kwa zaka zambiri anali kungogwira buku la nyimbo mwa mwambo chabe, zilembo osaziona. Tsiku limene anawerenganso yekha analira. Mukafuna kutsanzira zimenezi, amayi, musagule magalasi a pamsika mongoganizira. Pitani nawo akapimidwe, pakuti maso a anthu safanana. Gogo winanso anandiuza mau amene anandilasa mtima. Anati, "Mwana wanga amatumiza katundu chaka chilichonse, koma nkhope yake sindinaione zaka zisanu ndi zitatu. Katundu sayankha ukamulankhula." Ngati muli ndi mbale amene akusanduka mtchona, muuzeni kuti ndalama ya katunduyo chaka chino agulire tikiti ya basi.

Palinso china chimene mlendo ayenera kudziwa za dera la Chintheche. Nyengo ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano ndiyo nyengo ya magule. Amuna amavina malipenga, gule amene anayamba potsanzira perete wa asilikali. Amavala malaya ndi makabudula oyera mbee, ndi masokosi aatali ofika m'mawondo, ndipo mudzi umapikisana ndi mudzi unzake pa kavinidwe ndi pa ukhondo. Atsikana ndi amayi nawo ali ndi chilimika, gule wolandirira chaka. Atonga amadziwika dziko lonse ndi kutchena, ndipo pa masiku amenewa munthu safuna kuchititsa manyazi gulu lake. Mlamu wanga wamwamuna ndinamupatsapo wotchi ya pamkono, anangoti zikomo. Chaka china ndinamupatsa masokosi oyera ndi mtanda wa sopo, ndipo anandiperekeza mpaka kumsewu akunditamanda. Mukafuna kugulira mtsikana chitenje, yambani mwafunsa mtundu umene gulu lake lasankha, kuti asakaime pambali anzake atavala zofanana.

Tsopano tioloke mtsinje wa Luweya, tidutse m'mitengo ya mphira ya ku Vizara, tisiye tauni ya Nkhata Bay kudzanja lamanja ndi kuyamba kukwera msewu wa ku Mzuzu. Apa pali Mpamba, pamene amayi amayala nthochi, zinanazi ndi chinangwa m'mbali mwa msewu. Dzina la malowa limandikumbutsa mau athu aja akuti mpamba, ndalama yoyambira geni. Mayi wina wamasiye wa pamenepa anandiuza kuti mkulu wake wa ku Blantyre anali kumutumizira nsapato zazitali ndi madiresi amene iye watopa nawo. Nsapato zazitali pa matope a ku Mpamba! Chaka china mkuluyo anamuimbira foni namufunsa chimene akusowa, ndipo iye analimba mtima nati akufuna mpamba wopikulira nthochi. Lero mayiyu ali m'gulu la banki mkhonde, ndipo mwana wake wamkazi ali ku sekondale.

Ena a ife timaona ngati kupereka ndalama ndi kusowa chikondi. Zimatengera munthu wake. Kumbukirani kuti Januwale ali pakhomo: ana akubwerera kusukulu, kumunda kukufunika feteleza, ndipo m'nkhokwe zambiri chakudya chayamba kuchepa. Mayi amene ali ndi ana asukulu angakondwe ndi yunifolomu, makope ndi nsapato za mwana kuposa nsalu ya patebulo. Mukatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, tumizani pa foni ya mwini wake weniweniyo, ndipo mumuimbire kumuuza kuchuluka kwake. Nyengo ya chikondwerero ndalama yodzera m'manja mwa wina imatha kukathera kumowa.

Malo otsiriza pa ulendo wathu ndi Usisya, kumpoto kwa boma la Nkhata Bay, kumene mapiri amatsikira m'nyanja. Pamene ndinapitako ndinakwera Ilala, sitima imene inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951, pakuti msewu wotsika mapiri unali woterera ndi mvula. Sitima inaima patali ndi gombe, ife tinatsikira m'bwato laling'ono, ndipo potuluka tinaponda m'madzi katundu ali pamutu. Mayi wina amene tinali naye anatenga keke ya m'bokosi kukapatsa makolo ake. Inafika itasanduka phala. Pamenepo ndinaphunzira kuti posankha mphatso tiziganiziranso njira imene idzadzere. Kumalo ovuta kufikako ngati amenewa mchere, shuga, sopo ndi mafuta ophikira zimakwera mtengo chifukwa cha mayendedwe, ndipo mukazimanga bwino m'pulasitiki zimalandiridwa ndi nthungululu. Mphunzitsi wina wamkazi kumeneko anandionetsa nyali ya sola imene mng'ono wake anamupatsa. Ana ake amawerengera usiku, iye amatchajira foni, ndipo anaiwala za kugula mabatire.

Mwina mayi wina wa kumudzi akuwerenga izi akuti, nanga ine wopanda ndalama ndipereka chiyani? Musadziderere, amayi. Ife a m'tauni timasangalala ndi kathumba ka usipa wouma bwino, ufa wa kondowole kapena dengu la mango kuposa zinthu za m'sitolo zimene tikhoza kugula tokha. Ndipo manja anu nawo ndi mphatso. Ku Mwaya, kufupi ndi Kande, bungwe la Ripple Africa linafalitsa mbaula ya njerwa ndi dothi yotchedwa Changu Changu Moto, imene imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa atatu. Ndinaona mtsikana wina atamangira agogo ake mbaula yotere sabata ya Khirisimasi, osataya ndi tambala yomwe, ndipo agogowo anaitana mudzi wonse kudzaona.

Ife a m'tauni tisamalenso ndi zimene timapempha. Miyezi ya Novembala ndi Disembala ndi nthawi imene chambo chimaswana, ndipo boma limaletsa makoka ena pa nyanja. Mukaumiriza mbale wanu kuti akutumizireni chambo cha pa Khirisimasi, mukhoza kumuika m'mavuto ndi malamulo. Chimodzimodzinso neti ya udzudzu: ndi mphatso yabwino kwa mayi woyembekezera pa nyengo ino ya malungo, koma ipachikeni nokha pa bedi lake, kuti isakathere kugombe kukakokolola tiana ta nsomba.

Tsono musanapite kusitolo, khalani pansi ndi kumuona munthuyo m'maganizo mwanu kuyambira m'mawa mpaka usiku. Amatunga madzi m'chiyani? Amafunda chiyani? Ndi ntchito iti imene imamupweteka msana? Ngati simukudziwa, funsani mwana wake kapena mnansi wake, ngakhale mwini wakeyo. Kufunsa sikuchotsa ulemu wa mphatso. Ndipo musalowe m'ngongole ya katapila pofuna kuti akutameni tsiku limodzi, pakuti mbale amene amakukondani sangakondwe kumva kuti ana anu akugona ndi njala mu Januwale chifukwa cha iye.

Apongozi anga aja akali moyo, ngakhale tsopano akuyenda ndi ndodo. Makapu aja tinagwirizana kuti tiwatulutse, ndipo awiri anasweka kale, koma palibe amene anadandaula. Sabata yatha ndinawaimbira foni kuwafunsa chimene akufuna chaka chino. Anati ambulera yolimba yopitira kutchalitchi, mafuta opaka m'mawondo, ndiponso kuti ndibwere ndi adzukulu awo onse atatu adzakhale sabata yathunthu, chifukwa wamng'onoyo sakutha kupereka moni m'Chitonga. Ambulera ndagula kale, ndipo ndalama ya basi ndikusonkhanitsa.

Ndikufunirani nonse, a m'tauni ndi a kumudzi, Khirisimasi yabwino ndi Chaka Chatsopano cha mtendere m'mabanja mwanu.