Tsiku limene ndinasintha mabuleki a galimoto

Amayi anzanga, sabata ino ndayamba ndasiya za kaphikidwe ndi kasokedwe kuti ndikusimbireni za ntchito imene ambiri a ife timaiyesa ya amuna okha, ndiyo kusintha mabuleki a galimoto pakhomo. Ndinaigwira ndi manja angawa, ndipo ndinaphunziramo chinthu chimene sindifuna kuti wina wa inu adzachiphunzire m'njira imene ndinachiphunzirira ine.

Pakhomo pathu pali kagalimoto kakale kosatseka kumbuyo, kamene timanyamulira kabichi ndi matimati a gulu lathu la amayi kuchokera ku Bvumbwe kukagulitsa ku Nchalo. Inu amene munayendapo pa msewu wochoka ku Blantyre kutsikira ku Chikwawa mukudziwa m'mene umakhoterakhotera m'phirimo, phompho lili pambali, kufikira ukafike ku Thabwa. M'chaka cha 2023 abambo akunyumba anathyoka mkono, ndipo chiwongolero chinatsalira ine, pakuti anali atandiphunzitsa kale kuyendetsa. Tsiku lina tikutsetsereka, ndili ndi amayi awiri a m'gulu, ndinamva chitsulo chikulira kuti tswii nthawi iliyonse ndikaponda buleki. Ndinatsika ndi giya yaing'ono, mtima uli m'mwamba.

Nditawafotokozera abambo madzulo ake, iwo anati kulirako n'kwadala: pali kachitsulo kamene anakaika kuti kazikanda pamene mapadi a buleki atha. Ndalama zinali zitathera kuchipatala. Za mapadi atsopano zinalipo, koma za makaniko panalibe. Tsono iwo anati, "Mayi, wathyoka ndi mkono, pakamwa pali bwino. Ine ndizinena, inu muzichita."

Musanaope, mverani m'mene chinthuchi chimagwirira ntchito. Kuseri kwa tayala lakutsogolo kuli chitsulo chobulungira ngati mbale, chotchedwa disiki, chimene chimazungulira pamodzi ndi tayala. Mukaponda buleki, mafuta a buleki amayenda m'paipi nakankha pisitoni, ndipo pisitoniyo imapanitsa disiki pakati pa mapadi awiri, monga momwe timphira ta buleki ya njinga timapanira limu. Mapadiwo amaperepeseka tsiku ndi tsiku. Atsopano amakhala ochindikala pafupifupi mamilimita 10, ndipo akatsala ndi mamilimita 3 ayenera kusinthidwa. Athu anali atatsala opyapyala ngati chikhadabo.

Tinaimika galimoto pamalo osalala ndi olimba, tinakoka handibuleki, ndi kutsekera matayala akumbuyo ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Manati a tayala ndinayamba kuwamasula pang'ono tayala lidakali pansi, kenaka ndinakweza galimoto ndi jeki. Apa abambo anakana kuti ndipitirire kufikira titabwereka zitsulo zochirikizira galimoto kwa mnansi wathu. Anati jeki ndi yokwezera basi, imatha kuterereka, ndipo njerwa zimaphwanyika mosachenjeza. Anthu aphwanyidwa miyendo, ena kufa kumene, chifukwa chokhulupirira jeki yokha.

Nditachotsa tayala, ndinamasula mabawuti a chitsulo chosunga mapadi, chimene amakaniko amachitcha kalipa. Chitsulochi n'cholemera, ndipo sichiyenera kulendewera pa paipi yake yamphira, kuopa kuing'amba m'kati. Ndinachimangirira m'mwamba ndi waya. Fumbi lakuda la pamenepo sindinaliuzire ndi pakamwa, pakuti ndi loipa m'mapapo, koma ndinalipukuta ndi kansalu konyowa. Pisitoni ndinaikankhira m'kati pang'onopang'ono ndi chopanira kuti mapadi ochindikalawo apeze malo, mwana wanga wamkulu akuyang'anira kabotolo ka mafuta a buleki pansi pa boneti kuti asasefukire. Ndinasamba m'manja ndisanagwire mapadi atsopano, chifukwa girisi akakhudza nkhope ya padi, buleki sigwiranso bwino. Ndinamaliza mbali imodzi ndisanakhudze inayo, kuti ndikasokonezeka ndikaonere kumeneko. Mbali zonse ziwiri zimasinthidwa tsiku limodzi. Mukasintha imodzi yokha, galimoto imakokera kumbali poima. Pomanga manati a tayala ndinkadumphitsa, uku ndi uko, kuti tayala likhale mowongoka.

Dzuwa likupendeka ndinali nditatha, msana ukuwawa, koma mtima uli mbee. Amayi ena oyandikana nafe anali ataima pampanda, ena akuseka, ena akudabwa. Abambo anali atalowa m'nyumba kukamwa mankhwala, ndipo ine, pofuna kudzionetsa pamaso pa anzangawo, sindinawadikire. Ndinachotsa miyala, ndinaliza injini, ndi kuyamba kubwerera m'mbuyo. Nditaponda buleki, phazi linangomira mpaka pansi ngati ndaponda m'matope. Galimoto sinaime. Pamene ndimakumbukira kukoka handibuleki, n'kuti nditagunda kale nkhokwe, chimanga chili mbwee pansi.

Amayi anzanga, pansi pa nkhokwe imeneyo ndi pamene mwana wanga wotsiriza amasewera ndi anzake masana onse. Tsikulo anali atatumidwa kuchigayo. Ndinakhala m'galimotomo nthawi yaitali, miyendo ikunjenjemera, osatha kutsika.

Abambo sanandikalipire. Anangoti, "Mayi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Panatsala chinthu chimodzi." Pisitoni ija ndinaikankhira m'kati inali idakali kutali ndi mapadi. Galimoto isanasunthe, munthu ayenera kuponda ndi kusiya buleki kangapo kufikira chopondera chitalimba, pakuti ndi pamene pisitoni imabwerera pamalo pake. Ndinapopa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ndipo chinalimba ngati mwala. Ntchito ya tsiku lonse ndinaigwira bwino, koma ndinafuna kupha mwana chifukwa cha ntchito ya mphindi imodzi.

Kuyambira pamenepo ndinadziikira malire, ndipo ndikupemphani kuti nanunso muwasunge. Mapadi akutsogolo ndimasintha ndekha, koma nthawi yoyamba musagwire popanda munthu wodziwa ali pambali panu kufikira mapeto. Safunsa anadya phula. Mabuleki akumbuyo a galimoto yathu ndi a mtundu wina, ali ndi masipuling'i ambiri, ndipo amenewo ndimawasiyira makaniko. Chopondera chikakhala chofewa ngakhale mwapopa, kapena mukaona mafuta akudontha kuseri kwa tayala, kapena disiki ili ndi mikwingwirima yakuya, galimotoyo isatuluke pakhomo kufikira makaniko ataiona. Powonjezera mafuta, werengani pa chivindikiro cha kabotolo, pamalembedwa mtundu wake, monga DOT 3 kapena DOT 4, ndipo musathiremo mafuta a injini. Ife tinayamba tayesa galimoto pang'onopang'ono pamsewu wopanda anthu, ndipo titagulitsa kabichi wa pafupi tinakapereka kwa makaniko kuti aone ntchito yanga tisanabwerere kuphiri kuja.

Ndidziwa kuti ambiri a inu mulibe galimoto. Komabe mumakwera minibasi, ndipo ana anu amapita kusukulu panjinga. Mukamva chitsulo chikulira poima, kapena dalaivala akupopa buleki kawirikawiri pamtsetse, musachite manyazi kulankhula ngakhale kutsika kumene. Madzulo ano gwirani buleki ya njinga ya mwana wanu, muone ngati timphira take tidakalipo.

Nkhokwe tinaimanganso pamalo ena, kutali ndi poimika galimoto. Tsalani bwino, amayi anzanga, tidzachezanso sabata yamawa.